Khungu la Mwana wa Lenia

"Ndati sindimugwira mwanayo! Mukufuna ndinene kangati?"

Julius anali ataima pabwalo, chikwama cha zovala chitamangidwa kale pakaliyala ya njinga. Mkazi wake Lenia anali khale pakhonde, khanda la milungu iwiri lili pamiyendo. A Magret, mayi ake a Lenia, anathamangira komweko kuchokera kuseri kwa nyumba yawo kumene ankapeta nandolo, lichero likadali m'manja.

"Apongozi, tsitsani mawu," anatero a Magret. "Mumsewumu mukudutsa anthu."

"Amve! Akudziwa kale onsewo. Wogona ndinali ine ndekha." Julius analoza khandalo ndi chibwano. "Taonani tsitsilo. Taonani khungulo. Kwathu ku Chiwalo sikunabadweko napweri chiyambire. Kwanu kuno ndafunsa akuluakulu, akuti nakonso kulibe. Nanga ameneyu watulukira kuti?"

"Ali ndi dzina," anayankha Lenia osadzutsa mutu. "Ndi Praise."

"Dzinalo wapereka ndiwe. Bwenzi utapita kusukulu kuja ukafunse bambo wake dzina limene akufuna."

Panalibe wofunsa kuti akunena ndani. Pasukulu ya pulaimale ya m'deralo panali mphunzitsi wachialubino, a Howard, amene boma linawatumiza kuchokera ku Ntcheu zaka ziwiri zapitazo. Lenia ankagulitsa zitumbuwa pachipata cha sukuluyo nthawi yopuma, ndipo aphunzitsiwo ankagula ngati wina aliyense.

"Zaka khumi ndi zitatu tili m'banja, bambo a ana," anatero Lenia. "Ana awiri ndakuberekerani. Lero ndasanduka hule?"

"Awiriwo akufanana ndi ine. Uyu akufanana ndi ndani?"

A Lingson, bambo ake a Lenia, anatulukira panjira ya kumunda khasu lili paphewa. Anali mkulu wa mpingo, munthu wosachedwa kuzimitsa ndewu za anthu ena. Tsiku limeneli anangoima patali pang'ono, n'kutsitsa khasu pansi.

"Abambo," anawaitana Lenia, "simunenapo kanthu?"

"Nkhani ya banja ili ndi ankhoswe, mwana wanga," anatero a Lingson akuyang'ana kuphiri.

"Ankhoswewo ndibwera nawo," anatero Julius akukwera njinga. "Koma mphunzitsi ameneyo ndionana naye ndekha. Ameneyo safuna nkhoswe."

Njinga inalowa mumsewu. A Magret anamva lichero likuwalemera m'manja. Chibadwire Praise, iwo anali asanagone tulo tabwino. Nkhope ya khandalo ankaidziwa. Anali ataionapo zaka makumi atatu ndi zisanu zapitazo, pa munthu wamkulu.

Lachinayi lotsatira a Magret anaperekeza Lenia kusikelo. Namwino wa pachipatala chaching'onocho, Temwa, anali mtsikana wa ku Rumphi, wolankhula Chichewa chokoka mawu. Atamuyeza mwanayo anawalowetsa m'kachipinda n'kutseka chitseko.

"Mwana ali bwinobwino," anatero. "Mafuta oteteza kudzuwa awa muzimudzoza akatha miyezi isanu ndi umodzi. Pakali pano dzuwa lisamuone, mumufunde nsalu yopepuka. Chinanso, musamusiye ndi munthu amene simukumudziwa bwino. Mukundimva?"

"Tikumva," anayankha Lenia. "Koma anesi, amuna anga achoka. Akuti mwanayu si wawo."

Temwa anausa moyo ngati munthu amene nkhani yotere waimva kambirimbiri.

"Khungu ili silichokera mbali imodzi, mayi. Kuti mwana abadwe chonchi, ndiye kuti bambo ali nako kambewu kake m'magazi, mayinso ali nako. Kamabisala. Kakhoza kudumpha mibadwo itatu osaoneka. Amuna anuwo abwere ndiwafotokozere."

"Sangabwere. Akuti kwawo kulibe, kwathunso kulibe."

"Kulibe amene mukumudziwa." Temwa anatembenukira kwa a Magret. "Agogo, inu ndinu aakulu. Simukukumbukako wachibale aliyense? Mbali yanu kapena ya bambo ake a mayiyu? Zikanathandiza, chifukwa anthu amakhulupirira dzina la munthu kuposa mawu a namwino."

A Magret anayang'ana chithunzi cha katemera chimene chinali pakhoma.

"Sindikukumbuka," anatero.

Pobwerera anadutsa pamsika. Amayi ogulitsa tomato anasiya kucheza, n'kuyambiranso atadutsa. Chapatsogolo, munthu wa panjinga yamoto amene sankamudziwa anachepetsa liwiro, n'kuyang'anitsitsa kumsana kwa Lenia kumene kaphazi koyera kanatulukira m'chitenje. A Magret anakavundikira msanga n'kuyenda kumbuyo kwenikweni kwa mwana wawo mpaka njingayo inazimiririka.

"Pakhomo popanda mwamuna, anthu oipa amadziwa," anatero Lenia patapita nthawi. "Usiku ndikumangomvera kunja. Galu akauwa, ine ndadzuka." Anayenda pang'ono n'kuima. "Amayi, chiyambire nkhaniyi simunandiyang'ane kumaso. Inunso mukundikayikira?"

"Ayi, mwana wanga."

"Nanga bwanji mukungokhala chete?"

"Tiye, dzuwa lakula," anatero a Magret.

A Magret anapirira masiku ena anayi. Tsiku lachisanu anatsatira amuna awo kumunda wa m'munsi mwa phiri, kumene miyala ikuluikulu imene inatsika ndi madzi chaka chatha inali idakali mbwee pakati pa mizere. A Lingson ankathyola nandolo wouma n'kumaponya m'thumba. A Magret anaima mbali ina ya mzere n'kuyamba kuthyola nawo.

"Bambo a Lenia, ndili ndi mawu. Mukawamva, muchite nane chimene mungafune."

A Lingson sanasiye kuthyola.

"Mukumukumbuka telala uja wothawa nkhondo? Ankasoka pakhonde la golosale, nthawi imene anthu a kutsidya kwa malire anadzaza kuno?"

"Jonasi," anatero a Lingson.

Dzinalo linali lisanatchulidwe pakhomo pawo chikwatiranire.

"Lenia ndi wake," anatero a Magret. "Pamene atsibweni ankandipereka kwa inu, ndinali ndi mimba ya miyezi iwiri. Ndakunamizani zaka zonsezi. Khungu la Praise ndi la agogo ake."

Kumtunda kunkamveka nkhwangwa ya munthu wotema nkhuni.

"Ukuganiza kuti sindidziwa kuwerenga miyezi, Magret?"

"Munkadziwa?"

"Ndinadziwa ndisanakukwatire." A Lingson anakhala pamwala n'kuvula chipewa. "Iwe unauzidwa kuti Jonasi wathawa yekha, wabwerera kwawo. Sanathawe. Atsibweni ako anati sangalole napweri, wobwera ndi nkhondo, aberekere pamudzi pawo. Anafalitsa kuti ndi kazitape wa zigawenga za matsanga. Anatigulira kachasu anyamata anayi, ine mmodzi wa iwo. Tinamuchotsa pamakina ake dzuwa lili pamutu, chipewa chake chinatsala pomwepo. Tinamuyendetsa mpaka kumalire. Pofika kumeneko khosi ndi mikono zinali matuza okhaokha, maso osaona bwino. Kutsidyako mfuti zikumveka."

"Mulungu wanga!"

"Anzanga atatembenuka, iye anandigwira malaya. Anati, 'Achimwene, Magret ali ndi pakati. Mukamuuze kuti nkhondo ikatha ndidzabwera.' Sindinakuuze. Ndinkakufuna ine."

A Magret anakhala pansi, padothi pomwepo. Zaka zonsezi ankamusungira Jonasi mkwiyo woti anawasiya osatsanzika. Ankakumbuka mmene ankayandikitsira nsalu kumaso polowetsa ulusi, mmene ankasekera akalakwitsa Chichewa n'kuthawira ku Chilomwe, ndipo akakumbuka ankadziuza kuti anali wabodza ngati amuna ena onse.

"Nkhondo inatha kalekale," anatero. "Sanabwere."

"Sindidziwa ngati anafika ngakhale pamudzi woyamba."

Kenako a Magret anapukuta kumaso ndi nsonga ya chitenje.

"Zathuzi tidzaweruzidwa nazo kumwamba. Koma Lenia akutchedwa hule chifukwa cha ife. Ankhoswe akabwera, ndinena."

"Sunena."

"Bambo a Lenia!"

"Ndati sunena!" A Lingson anaimirira. "Taganiza. Pambuyo pa Lenia tinaberekanso mwana? Tinayenda kwa asing'anga angati, zipatala zingati? Anthu ankati vuto ndi lako, unatsekeka utabereka woyamba. Ukatsegula pakamwa, mudzi wonse udziwa kuti Lingson anagwa mumpapaya. Ndidzaima bwanji kutsogolo kwa mpingo? Adzukulu aja adzanditchula ndani? Ine ndilibe wina, Magret. Ndili ndi Lenia yekhayo. Ndinamusenza pamapewa kupita naye kuchipatala ali ndi chikuku. Ndinagulitsa mbuzi kuti afike Fomu 2. Lero ukamuuze kuti sindine kanthu kwa iye?"

"Nanga banja lake?"

"Julius mtima ukhala pansi. Amuna amakalipa n'kubwerera."

"Nanga aphunzitsi aja?"

"Ameneyo ndi wa boma. Boma limuteteza."

A Magret anadzaza thumba lawo n'kubwerera kumudzi okha.

Mlungu wotsatira, Lolemba m'mawa, akupita kuchigayo, anapeza munthu atakhala pa sutikesi pansi pa mtengo wa m'mbali mwa msewu waukulu. Anali a Howard. Kumutu kunali bandeji yokulunga mpaka pakhutu, chipewa chachikulu chitangokhala pamwamba pake. Galasi limodzi la mandala awo linali long'aluka.

A Magret anafuna kudutsa, koma anaima. Anatula thumba la chimanga.

"Aphunzitsi, chachitika n'chiyani?"

A Howard anayandikitsa nkhope kuti aone bwino.

"Ndinu amayi ake a mayi wa zitumbuwa uja, eti? Loweruka madzulo ndikuchokera kumsika, anandidikirira pamlatho. Anali atatu. Mmodzi ankangoti, 'Ukatenge mwana wako.' Ine ndinayamba ndaganiza kuti ndi aja ofuna mafupa athu. Nditamva za mwana, ndinachita ngati kuthokoza."

"Mwakanena kupolisi?"

"Ndanena. Akuti afufuza. Aakulu a sukulu andiuza kuti ndiyambe ndapita kwathu mpaka zinthu zizizire." Anaseka pang'ono, kuseka kopanda chimwemwe. "Ana a Sitandade 8 ndawasiya pakati pa masamu. Mayi, ine mwana wanuyo dzina lake lenileni sindilidziwa. Ndinkangoti 'mayi, zitumbuwa ziwiri.' Ndalakwa chiyani?"

"Simunalakwe, bambo."

"Aka n'kachitatu kusamuka. Kwina ankati ndimabweretsa tsoka, kwina anaboola khoma la nyumba yanga. Munthu umatopa." Minibasi inaonekera patali, a Howard anaimirira n'kunyamula sutikesi. "Khandalo mulisamale. Akadzayamba sukulu mudzawauze aphunzitsi amukhazike kutsogolo, pafupi ndi bolodi. Ife maso amativuta."

Minibasi itanyamuka, a Magret anakhala pa thumba lawo la chimanga mpaka dzuwa linawapeza pamthunzipo. Kuchigayo sanafikeko tsiku limenelo.

Ankhoswe anakumana Loweruka masana, pabwalo la a Lingson. Julius anabwera ndi atsibweni ake, a Micheal, munthu wokalamba wa ndevu zoyera. Mbali ya Lenia kunali mchimwene wa a Magret ndi amayi awiri a kumpingo. Anthu ena osaitanidwa anaima kuseri kwa mpanda ngati akudikira wina. Lenia anakhala pamkeka pamthunzi wa khonde, Praise ali kubere. M'milungu itatu anali ataonda moti mafupa a m'khosi ankaoneka.

A Micheal analankhula modekha.

"Ife sitinabwere kudzathetsa banja. Julius wavomera kuti akhoza kukhululuka, chifukwa cha ana awiri aja. Koma kukhululuka kumafuna kuti wolakwa avomere. Mayi Lenia anene pano kuti analakwa, atchule munthuyo. Khandalo lizikhala kwa agogo akewa. Zikatero, Julius abwerera lero lomwe."

"Ndivomere chimene sindinachite?" anafunsa Lenia.

"Nanga mwanayo tinene kuti wagwa kumwamba?" anatero Julius.

"Anamwino anati..."

"Anamwino sanali m'nyumba mwanga!"

Mmodzi wa amayi a kumpingo anasendera pafupi ndi Lenia.

"Mwanawe, ganizira ana. Pakhomo popanda bambo, ndi khanda lotereli, ukudziwa wekha mmene dziko lilili. Kungovomera basi, nkhani ithe. Tonse timalakwa."

Lenia anayang'ana bambo ake. A Lingson anali atazyolika, manja ali pamaondo. Anayang'ana mayi ake. Kenako anayang'ana khandalo nthawi yaitali.

"Ndikavomera," anatero pang'onopang'ono, "aphunzitsi aja muwasiya? Simuwatsatiranso?"

"Ukavomera, zatha," anatero Julius.

"Chabwino. Ine Lenia..."

"Khala chete!"

A Magret anali ataimirira osadziwa kuti aimirira liti. Anamva a Lingson akunong'ona dzina lawo, koma sanatembenuke.

"Mwana wanga sanagone ndi mwamuna wina. Mukufuna kudziwa kumene kwachokera khunguli? Lachokera kwa ine. Bambo wake womubereka Lenia si a Lingson. Anali munthu wa ku Milanje, kutsidya kwa malire, wothawa nkhondo, dzina lake Jonasi. Anali wachialubino ngati mwanayu. Akuluakulu amene mulipo mukumukumbuka, ankasoka pagolosale. Ena mwa inu munavala malaya osoka iye. Ndinkamukonda, ndipo tinkafuna kukwatirana. Abale anga anakana chifukwa cha khungu lake."

Kuseri kwa mpanda kunamveka kuti "Hii!" Mchimwene wa a Magret anagwira pakamwa. Lenia anangoti kakasi, bere litapulumuka mkamwa mwa mwana.

Julius anaseka mokweza.

"Nkhani yokonza iyi! Mwagona usiku wonse mukuipeka kuti mupulumutse mwana wanu. Munthu wake ali kuti? Ndani angachitire umboni?"

A Magret anaona kuti mawu awo agwera pansi ngati madzi pamchenga, ndipo ulemu wawo wapita pachabe. Pamenepo mpando wa a Lingson unalira. Mkuluyo anaimirira movutika, atagwira chipewa ndi manja onse awiri.

"Mboni ndine," anatero. Mawu anatuluka osasa, anakhosomola n'kubwereza. "Mboni ndine. Zimene wanena mkazi wanga n'zoona. Ine sindinaberekepo mwana. Munthuyo ndinamuthamangitsa ndine, ndi anzanga atatu, awiri anamwalira. Tinamunamizira kuti ndi kazitape, tinakamutaya kumalire nkhondo ili mkati. Zimene mwawachita aphunzitsi pamlatho paja, apongozi, ine ndinazichita kale. Musandifunse kuti tulo take timakhala totani."

Julius anayang'ana uku ndi uku.

"Ndiye kuti munandibisira," anatero potsiriza. "Munandipatsa mkazi wa magazi oterewa osandiuza. Vuto ndi la kwanu kuno."

"Anamwino anati mbali zonse ziwiri," anatero Lenia. Mawu ake tsopano anali ouma. "Mayi yekha sangabereke mwana wotere."

"Kwathu kulibe!"

"Julius," anatero a Micheal. Mkuluyo anali akukanda pansi ndi ndodo yake. "Khala pansi."

"Atsibweni, inu mukudziwa kuti kwathu..."

"Ndati khala pansi. Mayi ako anali ndi mng'ono wawo amene iwe sunamumvepo. Ndinali mnyamata, koma ndinamuona asanamuchotse m'chikuta. Anali woyera chonchi. Azamba anatuluka n'kunena kuti mwana wabwerera. Masiku amenewo ankatero akapha mwana wotere." Anaimirira n'kuwerama pang'ono kwa a Magret. "Ndinabwera kuno ndikudziuza kuti mwina n'zongochitika. Mutikhululukire. Tiye, Julius, tikakambe kwathu."

Anthu a kuseri kwa mpanda anabalalika msangamsanga, aliyense akuthamangira kukakhala woyamba kufotokoza. Pabwalo panatsala anthu atatu ndi khanda.

A Magret anasendera kumkeka.

"Mwana wanga..."

"Milungu itatu, amayi." Lenia sanakweze mawu. "Milungu itatu ndikutukwanidwa pamsika. Anamwino anakufunsani ine ndili pomwepo, munati simukukumbuka. Munthu wosalakwa waswedwa mutu. Mukanachedwa pang'ono, ndikanadzitcha hule pamaso pa ana anga."

"Ndinkaopa."

"Inenso ndinkaopa."

Lenia ananyamula mwana wake n'kukalowa m'nyumba mwake. Chitseko chinatsekedwa.

Masiku asanu anadutsa Lenia osaponda pakhomo pa makolo ake, ngakhale nyumba zinali zoyang'anana. Lamlungu a Lingson sanapite kutchalitchi. Anakhala kuseri kwa nkhokwe akusema mpini umene sunkafunika. Pamjigo, amayi ankawapatsa a Magret moni wautali kwambiri, maso ali pa anzawo. Julius anatumiza uthenga kuti akufuna kubwerera. Lenia anabweza wuthengayo ndi mawu akuti ayambe wapita ku Ntcheu, akawapeze a Howard, akabwere nawo yekha n'kupepesa pamaso pa sukulu yonse, kenako akaonekere kupolisi. Za banja adzakamba pambuyo pake, ngati iye adzafune.

Lachisanu m'mawa, a Magret akusesa, anaona Lenia akuwoloka bwalo, Praise ali kumsana atafundidwa nsalu. Anawadutsa mayi ake n'kukaima pamene panali a Lingson.

"Abambo."

A Lingson anadzidzimuka. Mpini unagwa pansi.

"Ukunena ine?"

"Ndili ndi abambo angati pamudzi pano?" Lenia anagwada monga ankachitira nthawi zonse. "Munandilera ndinu, zimenezo palibe angazifufute. Koma zimene munawachita a Jonasi sindingazimeze. Ndikufuna kudziwa ngati ali moyo. Ngati anamwalira, ndidziwe pamene anagona. Ine sindingayende ndi mwanayu. Munawaperekeza ndinu, njira mukuidziwa."

"Papita zaka zambiri, mwana wanga. Mwina palibe amene akumukumbuka."

"Telala wachialubino anthu samuiwala. Mukafunse m'matchalitchi, m'misika."

"Nanga ndikamupeza, ndikamuyang'ana bwanji?"

"Mmene mukundiyang'anira inemu."

A Lingson anagwedeza mutu movomera.

A Lingson ananyamuka m'mawa mwake. A Magret anawakazingira chimanga ndi mtedza, n'kuwamangira m'kansalu pamodzi ndi botolo la madzi. A Lingson anapopa matayala a njinga, anavala jekete la kutchalitchi, chiphaso anachiika m'thumba la mkati. Lenia anabweretsa chithunzi cha Praise chimene anajambulitsa pamsika, n'kuwapatsa.

Atafika pampanda, Lenia anatembenukira kwa mayi ake. Kanali koyamba kuwalankhula chichitikire bwalo lija.

"Amayi, pali mawu oti abambo akanene?"

A Magret anayang'ana amuna awo. Mkuluyo anali atagwira mahandulo, akudikira, nkhope itakalamba kuposa mmene inalili mwezi wapitawo.

"Mukamuuze kuti uthenga wake ndaulandira chaka chino," anatero.

A Lingson anavomera ndi mutu. Anakankha njinga mpaka mumsewu, anakwera kachiwiri atalephera koyamba, n'kulunjika kum'mawa.

Amayi awiriwo anaima pampanda mpaka jekete lakuda lija linabisika kuseri kwa mitengo ya mango. A Magret sankadziwa chimene ankaopa kwambiri, kumva kuti Jonasi anafera m'tchire tsiku lomwe lija, kapena kudzaona njingayo ikubwerera ndi anthu awiri.

Praise anayamba kulira. Lenia anamumasula kumsana, anazengereza pang'ono, kenako anamupereka m'manja mwa agogo ake.

"Mulowe naye m'nyumba," anatero. "Dzuwa latuluka."